Mwana Sakwera Minibasi

Lolemba

Mchombo wagwa! Mkazi wanga Esinati waimba foni m'mawa kuchokera ku Lilanda, kwa amayi ake, kumene wakhala chibadwire mwana. Akuti Tiyamike ali bwino, akuyamwa osapuma, tsopano angathe kubwera kwawo kuno ku Kalingalinga. Mwana wanga woyamba. Ndinangomunyamula kamodzi kokha, kuchipatala.

Kenako foni aitenga apongozi. Ndaimirira, ngakhale sakundiona.

"Mubwele pa Chiwelu na motoka, bapongozi. Mwana wochoka mu chikuta sakwela minibasi. Na ine nizabwela, nione pamene azagona muzukulu wanga. Ngati sipali bwino nizabwelela nabo, bankale kuno mpaka mwana akayambe kunkala yeka."

Inde amayi. Palibe vuto amayi. Loweruka amayi.

Ndafunsa mayi wogulitsa tomato pamsewu kuti mwana amayamba liti kukhala yekha. Akuti miyezi. Miyezi!

Apongozi sanaikondepo Kalingalinga. Utuchi, fumbi, phokoso la owotcherera zitsulo. Tsiku limene anamva kuti mwana wawo akukwatiwa ndi kalipentala anangomeza malovu. Chimene chinawafewetsako mtima ndi kagalimoto kanga kakale kamene ndimanyamulira zitseko, basi.

Zoti zichitike Loweruka lisanafike:
kupaka polishi wofiira pansi
kumaliza kabedi ka mwana, ka mtengo wa mukwa, umene agogo anga a ku Dedza ankati mlombwa
beseni ndi neti, kumasitolo a ku Kamwala
kutsuka galimoto mpaka matayala
kumeta

Masana. Beseni ndagula, lapinki. Neti ndagula. Pobwera, pamzere wa magalimoto, kasingano koonetsa kutentha kakukwera. Ndikukayang'ana, kakukwerabe. Ndazimitsa wailesi, ngati wailesiyo ndiye ikutenthetsa injini. Kumbuyo utsi woyera uli tolotolo. Kondakitala wina akundikuwa: "Mudala, muocha malasha mu buti?"

Ndafika ndi pemphero. Ndadikira kuti izizire. Rediyeta ili gwa, youma, chonsecho sabata yathayi ndinadzazamo kulanti, madzi obiriwira aja. Pansi palibe podontha. Nanga wapita kuti?

Ndasolola kandodo koyezera oyilo. Oyilo amakhala wakuda. Uyu ndi tiyi wamkaka. Ndapukuta, ndabwezera, ndasololanso. Tiyi wamkaka! Pachivundikiro cha oyilo pamatirira phala loyera.

Ba Chanda, neba wanga wowotcherera mageti, asuzumira atakweza magalasi akuda pamphumi. "Yapya gasiketi iyi. Manzi yangena mu oilo." Ndawauza kuti iwo ndi a mageti, za injini asiyire eni ake.

Madzulo Esinati akufunsa: "Motoka ili bwino ka?" Ndati ili bwino kwambiri.

Lachiwiri

Sindinagone bwino. Ndadzuka ndi nzeru: mwina oyilo anangokalamba. Munthunso akakalamba amachita imvi. Ndakhetsa yense wakale, ndathira watsopano.

Ba Chanda akuti ngati penapake pakudontha mkati, mankhwala ake ndi dzira. Laliwisi, mu rediyeta. Likapsa limakatseka pabowo. Akuti amalume awo anafika nalo ku Chipata.

Nkhani yamveka mzere wathu wonse wa amisiri, ndipo aliyense ndi dokotala:
wa mageti akuti dzira
wa masofa akuti ufa wa mgaiwa, pang'ono chabe
wometa akuti fodya wopera
mayi wa tomato akuti ndiitane abusa

Ndasankha dzira chifukwa ndi laulemu. Kenako ndawonjezera lina, kuopa kuti limodzi lingachepe. Ufa ndathira wapachikhato, osati chifukwa ndikukhulupirira, koma wa masofa anaima pomwepo ndipo ndi munthu wosachedwa kukhumudwa.

Ndaliza injini. Yalira! Ndazungulira mpaka kumsika ndi kubwerako, mawindo otsegula, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Ndaima, ndasolola kandodo.

Tiyi wamkaka. Oyilo watsopano uja, sanathe ndi ola lomwe. Ndipo galimoto yonse ikununkhira chakudya cham'mawa.

Ndikuopa. Ndilembe poyera, palibe wondiona: ndikuopa kwambiri.

Masana ndakatenga Ba Daka, makanika amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Abwera ndi masipanala m'thumba la mpunga. Atenga oyilo uja pachala, apekesa, anunkhiza, ndiye angokhala chete. Makanika akamalankhula zambiri ndimadziwa kuti akunama, koma akakhala chete ndiye kuti zavutadi.

Atsegula rediyeta. "Nindani anaphika mu motoka?"

Ba Chanda atsitsa magalasi awo, abwerera ku geti lawo.

Ba Daka andifotokozera ngati mwana wa sukulu. Pakati pa injini ndi chivundikiro chake chachitsulo, chimene amati hedi, pamakhala gasiketi yolekanitsa njira ya madzi ndi njira ya oyilo. Ikapsa, awiriwa amakumana. Oyilo wosakanizika ndi madzi satereranso, ndiye zitsulo zimadyana mkati. "Osailiza futi. Tizasegula mailo. Ni kanchito kang'ono, pa Chinayi muzayenda."

Lachinayi. Ndiye nditsala ndi Lachisanu lonse lotsukira ndi kumeta. Mtima watsikako.

Madzulo ndapaka polishi m'nyumba monse. Pansi pali psuu, waliwali. Kabedi ndakamaliza, ndakapaka vanishi, ndakaika pafupi ndi bedi lathu. Apongozi akadabwera lero!

Lachitatu

Ba Daka afika mochedwa, akutafuna chinangwa. Ayamba kumasula. Sindinkadziwa kuti mu kagalimoto kamodzi mungatuluke mabawuti ochuluka chonchi, ndipo akuti asasakanizike, gulu lililonse pake. Afunsa mbale. Mbale zanga za kuntchito zili ndi misomali ndi guluu. Zatsala za Esinati, zoyera zamaluwa zija anapatsidwa pa kicheni pate, phwando la mphatso lija la ukwati usanachitike, zimene sitidyeramo ngakhale pa Khirisimasi. Ndatulutsa imodzi. Kenako ina. Pofika masana kabati yonse ili panja.

Ndizitsuka. Sadziwa.

Hedi yatuluka. Gasiketi yapsadi, Ba Chanda ananena zoona, koma sindiwauza. Ba Daka aika lula yachitsulo pamwamba pa hedi, ayang'ana kudzuwa ndi diso limodzi. Kuwala kukudutsa pansi pa lula. "Yabenda. Ifunika kupala ku mashini." Kutentha kwa Lolemba kuja kwaipinda, ndipo gasiketi yatsopano singagwire pa chitsulo chopindika.

Ndaikulunga m'thumba, ndakwera nayo minibasi kupita kumene kuli mashini opala zitsulo. Kondakitala akuti thumbalo ndi munthu, lilipire mpando. Ndalikhazika pamiyendo. Miyendo yachita dzanzi.

Kumashini kuli zii. Magetsi kulibe. Anyamata akusewera nsolo pakhomo, ndipo m'mbali mwa khoma mwandandalika mahedi a anthu ena, kudikira. Mkulu wake sanadzuke n'komwe pampando: "Siyani, mubwele pa Mande."

Lolemba! Lolemba apongozi adzakhala atatseka kale nkhani.

Ndabwerera nayo, pamiyendo pomwepo.

Kunyumba ndapeza Ba Daka akutsuka zitsulo m'parafini. M'beseni lapinki. Beseni la mwana wanga, limene pepala la kusitolo silinamatuke n'komwe! "Linali chabe apa, bosi, lilibe nchito." Ndafuna kukuwa, ndadziletsa. Munthu amene wagwira injini yako yotsegula sumukalipira.

Vuto lina: ndilibe mpanda, galimoto imagona pamsewu. Kuno chitsulo chikagona panja chimamera miyendo. Ndiye zonse zalowa m'nyumba dzuwa lisanalowe: hedi, mapaipi, batire, rediyeta yonunkha mazira, mbale za Esinati ndi mabawuti ake. Ndayala makatoni pansi. Oyilo akudutsa makatoni, sindinkadziwa.

Ndakhala pampando ndikuyang'ana hedi ija. Kupala. Akuti ifunika kupala. Nanga ine ntchito yanga ndi yotani chiyambire unyamata? Zitseko zopindika zingati zimene ndaziwongola ndi manja awa?

Esinati watumiza chithunzi cha Tiyamike atavala kachipewa. Mphuno ndi yanga, wosauka.

Lachinayi

Ndayamba mbandakucha, Ba Daka asanabwere kudzandiletsa. Hedi pa benchi langa. Sandipepa wokhakhala ndamukulunga pa thabwa, kenako wapakati, kenako wosalala. Chitsulo chake n'chofewa, chikumvera bwino kuposa mukwa. Ndikupala ndikuimba. Pamene paoneka pokwera ndikukanikiza kwambiri, monga timachitira.

Yawala! Ndikudziona nkhope, ndevu zosameta zomwe.

Ndiye dzanja lachita zimene linazolowera. Kalipentala aliyense amadziwa kuti chinthu sichichoka pa benchi chili ndi m'mbali mwakuthwa, chingacheke mwana. Ndazungulira m'mbali monse, ndi m'milomo ya mabowo onse, kupha kuthwa konse. Yasalala ngati tsaya. Ndanyadira, ndisaname.

Ba Daka afika. Ayang'ana. Aika lula yawo. Dzulo kuwala kumadutsa pamalo amodzi, lero kukudutsa paliponse. Akhala pansi, padothi penipeni, agwira mutu.

"Bosi, iyi ni hedi, si kofi tebulo. Mumbali mwamene mwadya ndiye mwamene igwila gasiketi!"

Ndati tiyesebe, mwina ikamangidwa mwamphamvu ikhala. Akana. Ndawachonderera, ndawauza za Loweruka, za apongozi, za miyezi. Nawonso ali ndi apongozi. Apuma mozama, atenga sipanala.

Masana onse kumanga. Oyilo winanso watsopano. Kulanti winanso. Mzere wonse wasiya ntchito kudzaonerera, ndi wometa yemwe, kasitomala wake ali ndi mutu wometedwa theka.

Ndapotokola kiyi. Yalira! Anthu aombera m'manja. Ndayang'ana Ba Daka ndi diso lakuti mwaona? Ndaponda mafuta pang'ono kuti onse amve.

Kenako madzi obiriwira akutuluka ku ekizozi. Kenako m'mbali mwa hedi, ngati kasupe. Kenako mkati mwamveka gu, gu, gu, ngati munthu akugogoda chitseko usiku. Kenako gudu! Zii.

Kiyi sakutembenuzanso kanthu. Anthu abalalika mwakachetechete, monga amachokera pamanda.

Ba Daka akuti zitsulo zamkati zinayamba kudyana Lolemba, Lachiwiri ndinaziwonjezera ndi ulendo wa kumsika uja, lero zagwirana. "Yafa iyi. Funani injini ina."

Ndalowa m'nyumba nditanyamula batire kuopa akuba, ndatseka chitseko, ndakhalapo. Mawa Lachisanu.

Esinati waimba. Akuti amayi akufuna chithunzi cha chipinda. Ndakankhira zonse mbali imodzi, ndajambula kabedi ndi neti yake, pafupi kwambiri, kuti pansi pasaoneke. Yankho labwera: "Amayi bati ni kabwino." Akuti ndi kabwino! Chiyambire apongozi sanayamikirepo chinthu chopangidwa ndi ine.

Esinati waimbanso: "Nanga mau yanu yamveka bwanji so?" Ndati ndi utuchi.

Ndikanamuuza pamenepa. Pakamwa panatseguka ndithu. Koma kumbuyo kwake ndimamva apongozi akuimbira mwana, ndipo ndangoti agone bwino.

Lachisanu

Ba Daka akudziwa munthu ku Chawama amene ali ndi injini ya galimoto imene inagundidwa kumbuyo. Kutsogolo akuti kulibe chilema. Munthuyo mwana wake akukwatiwa, akufuna tebulo lodyera ndi mipando yake. Ine ndili nalo, limene ndinaika pamsewu kuti likope makasitomala, labwino kuposa zonse zimene ndapangapo. Tasinthana. Tebulo lapita pa kalole, injini yabwera pa kalole komweko. Sindinayang'ane pamene amalikweza.

Kutulutsa yakufa ija: unyolo, chimango cha geti cha Ba Chanda, amuna a mzere wonse, ndi mawu amene sindingalembe muno. Yatuluka ikudontha tiyi wake.

Kulowetsa yatsopano. Yatsika, yatsika, yaima. Sikukhala. Akweza, atembenuza, atsitsanso. Sikukhala! Miyendo yake, pamene imamangidwira ku galimoto, ili malo ena. Ba Daka akanda m'mutu ndi sipanala: "Ni yamene iyi, koma ni ya chaka china."

Ba Chanda alowererapo, chifuwa patsogolo. Iyi tsopano ndi ntchito ya mageti. Akuti adula, awotcherera zomangira zina mu galimoto, injini ikhala ngati inabadwira momwemo. "Ten minisi chabe." Apita kukayatsa makina awo.

Magetsi azima.

Tadikira. Tadya chimanga chootcha. Tadikira. Mayi wa tomato akuti dzulo magetsi anabwera m'mawa, ndiye mwina mawanso m'mawa. Dzuwa likupendeka, ndipo injini ziwiri zili pamsewu, anyamata achilendo ayamba kudutsadutsa akuyang'ana cham'mbali.

Zilowe m'nyumba. Zonse ziwiri, chifukwa yakufayo Ba Daka akufuna kuchotsako zina.

Yakufa taigoneka pabalaza. Polishi wanga wofiira uja tsopano ndi nkhani yakale. Yatsopano Ba Daka akana kuti ikhale pansi: ikagwera m'mbali ithyoka timapaipi, ikakhalira mimba iphwanyika poikira oyilo. Ifunika chinthu cholimba, chokwera, chotchinga m'mbali. Benchi langa ndi lalikulu, silingalowe pakhomo. Tebulo lili ku Chawama. Maso a Ba Daka ayenda m'nyumba monse, akaima kuchipinda, pa kabedi ka mwana.

Ndati ayi. Ndati ayi kawiri. Kenako ndachotsa kamatiresi ndi neti, ndayala matabwa ndi makatoni.

Kabedi sikanalire n'komwe. Ba Daka akugogoda mwendo wake ndi chala: "Apa peve bosi, muziba nchito." Ndipo ine chitsiru ndamva kukoma.

Za mawa:
magetsi abwere m'mawa, Ambuye
Ba Chanda awotcherere
injini ilowe, ilire
kutulutsa zonse, kukolopa, polishi
beseni, mbale, sopo wambiri
kumeta
Lilanda

Zitheka. Ndawerenga kangapo, zikuoneka zotheka ndithu, bola wina asapume.

Ndauza Esinati kuti mwina ndichedwako pang'ono, ndikufuna galimoto iwale. Chipinda chikununkha parafini, ndatsegula windo.

Loweruka

Magetsi abwera! Ndinatsala pang'ono kupsompsona babu. Ba Chanda ayamba. Ten minisi yawo yafika masana. Chomangira choyamba chapendama, adula, ayambiranso. Akuti galimoto ndi yovuta kusiyana ndi geti chifukwa geti silikhala ndi mawaya. Izi anena atawotcha waya.

Foni ikulira m'thumba. Manja ali bii. Ikulira. Ndiisiye, ndiyankha injini ikalowa, ndidzathe kunena kuti ndanyamuka. Yaliranso. Yasiya.

Ndalowa pansi pa galimoto kugwirizira chitsulo kuti Ba Chanda awotcherere. Ndili chagada, ndikumva galimoto ina ikuima pafupi. Zitseko. Ndikuona mapazi okha: nsapato zakuda za bambo, masilipasi a Esinati amene ndinagula ine, ndi nsapato zoyera za chigwirizano cha amayi a kumpingo.

Ndazidziwa nsapato zimenezo.

Makina a Ba Chanda azima okha. Mzere wonse uli chete, ndi macheka omwe. Ndaganiza zongokhala pansi pomwepo mpaka Lolemba. Koma miyendo yanga ili panja, ndipo nsapato zoyera zaima pafupi nayo.

"Muli bwanji bapongozi?"

Ndatuluka chokwawa. Ndagwada, popeza ndinali kale pansi. Bambo uja ndi mkulu wa mpingo wa ku Lilanda, ali ndi galimoto yake yabwinobwino. Akutsitsa zikwama. Esinati wanyamula mwana mu shawelo yoyera, akuyang'ana galimoto yathu, chibowo chili pamene pamakhala injini.

Ndati tikhale kaye panja, kuli kamphepo kabwino. Kulibe mphepo. Apongozi alowa.

Zimene aona, mwa ndondomeko yake:
injini yakufa pabalaza, m'thamanda lake
mapazi akuda kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda
mbale za kicheni pate, mabawuti ali tho
beseni lapinki, tsopano lotuwa, parafini ali m'katikati
neti ya mwana yokolekedwa pa rediyeta

Akungoyenda manja kumbuyo. Ndikuwatsata, ndikufotokoza za gasiketi, za magetsi, za chaka china. Afika kuchipinda. Aima pa kabedi nthawi yaitali.

"Kansi mwana alimo kale."

Palibe waseka. Kunja kokha ndamva Ba Daka akutsokomola.

Ndiye Tiyamike wayetsemula. Kamodzi, kakang'ono, ngati kamphaka. Apongozi amuchotsa m'manja mwa amake, amufunditsa kumutu, atuluka. "Bakulu ba mpingo, bwezani vikwama."

Esinati watsalira pabalaza. Ndimayembekeza kuti akuwa, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Watola mbale imodzi yamaluwa, wakhuthulira mabawuti pansi, wayang'ana mkati, wabwezera pomwe inali.

"Mukanakamba chabe, batate Tiya. Bakulu ba mpingo banazipeleka kudala pa Mande kuti bangatipeleke. Nine ninakana, ninati bamuna banga bali na motoka."

Lolemba. Tsiku limene pansi panali poti n'kupaka polishi basi.

Ndawaperekeza mpaka pa galimoto. Ndatambasula manja kuti ndimugwireko mwana, ndawaona mmene alili, ndawabweza ndekha. Apita. Fumbi lokha.

Ba Daka akutola mabawuti amene Esinati anakhuthula, akudandaula kuti asakanizika. "Koma bosi, manje tili na nthawi, tizaipanga bwino." Sindinawayankhe. Ndikanayankha, bwenzi pano ndili kupolisi.

Lamulungu

Ndatsuka manja ndi sopo, ndi mchenga, ndi mandimu. M'zikhadabo mwakana. Ndameta. Malaya oyera.

Minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Lilanda. Pampando wa kutsogolo kwanga pali mayi ndi kakhanda kofiirira, katulo kali phee, minibasi ikudumpha m'maenje.

Kwa apongozi andiikira mpando pakhonde. Madzi osamba m'manja abwera ndi kathaulo. Chakudya chabwera m'mbale za alendo, zovundikira. Mayi wina woyandikana nawo wapereka moni mwaulemu, wafunsa kuti alendowa achokera kuti.

Chigamulo sichinatenge nthawi. Apongozi sanakweze mawu, sananyoze, anandiwonjezeranso ndiwo. Mwana akhala ku Lilanda mpaka atayamba kukhala yekha. Ine ndizibwera Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Inde amayi. Zikomo amayi.

Ndafunsa Esinati chapansipansi ngati pali njira yophunzitsira mwana kukhala msanga, mwina kumutchinga ndi mapilo. Wandiyang'ana. Kenako waseka, koyamba, ngakhale anayesetsa kubisa. Misozinso inalipo. Akuti mbale zake ndisazitsuke ndi sandipepa.

Ndiye wandipatsa mwana.

Ndi wopepuka. Sabata yonse ndanyamula zitsulo, manja aiwala kunyamula chinthu chopepuka, ndimaopa kuti ndimufinya. Wandiyang'ana ndi diso limodzi, wayasamula, wabisa nkhope pakhosi panga, wagona. Sindinasunthe. Dzanja lachita dzanzi, nsima yazizira, ntchentche yatera pamphuno panga, sindinasunthe. Mpaka apongozi anena kuti kukuda, minibasi zivuta.

Ndafika dzuwa likulowa. Ba Daka ali pakhomo ndi thumba lawo la mpunga, akuti magetsi alipo, tingathe kuilowetsa lero lomwe. Ndati mawa. Adabwa, afunsa ngati ndikudwala.

Sindikudwala. Malayawa paphewa akununkhira mwana, ndipo ayenera kundifikitsa Lamulungu linalo. Lero sindigwira chitsulo.